Chithunzi Chimene Tinayanika Padzuwa

"Kodi aneba, mutu wakuthwa chonchi, sukulu munasiyiranji? Inali mimba?"

Anandifunsa choncho ndi mayi amene tayandikana nawo nyumba kuno ku Bolero, akazi a alangizi a zaulimi. Kwawo ndi ku Ntcheu, kuno anatsatira ntchito ya amuna awo, ndipo pofunsa chinthu sazungulira. Tsiku limenelo ndinali pakhonde pawo, khanda lili kumbuyo, ndikuthandiza mwana wawo wamkazi samu yogawa imene inali itamuliza chibwerere kusukulu.

"Yayi," ndinatero. "Mimba inabwera nthawi yake, ukwati utachitika kutchalitchi. Chinandisiyitsa sukulu ine ndi chiswe."

Anaseka mpaka kugwira chitseko. "Chiswe? Chinakudyerani makope?"

"Chinadya mtsogoleri."

Kuseka kunaduka pomwepo. Anacheukira kumsewu, kenako kuseri kwa nyumba, ndipo atazindikira zimene akuchita anayambanso kuseka, nane ndinaseka nawo. Papita zaka chivotere zipani zambiri, ana athu amanyoza akuluakulu a ndale ali pamjigo osaopa kanthu, koma ife makosi athu akadazolowera kucheuka.

Ndinawafotokozera mwachidule chifukwa ndinali nditasiya nyemba pamoto. Pano ndakhala pansi kuti ndilembe bwinobwino mmene zinayendera. Ndikulemba m'Chichewa poti ndi chimene sukulu inaika m'dzanja langa. Chitumbuka ndimalota nacho, ndimakalipira nacho ana, koma cholembera chikafika papepala chimangoyenda njira imene chinaphunzitsidwa.

Sukulu yathu inali kumudzi kwathu ku Nkhamanga, cha kunjira yopita ku Mwazisi. Makoma anali a zidina, omangidwa ndi makolo, ndipo kalasi ya Sitandade 8 yokha ndiyo inali ndi malata. Kulowa m'kalasi imeneyo kunali ngati kukwezedwa pantchito. Kwathu sukulu inali tchalitchi chachiwiri. Adada anali mkulu wa mpingo, mlimi wa fodya ndi chimanga, ndipo iwo anaphunzirako pang'ono kumishoni mpaka pamene bambo awo anamwalira. Ankafuna mwana wawo mmodzi yekha avale yunifolomu ya sekondale, ndipo diso lawo linali pa ine. Kukhoza mayeso a Sitandade 8 sikunali kokwanira. Ambiri ankakhoza n'kukhala pakhomo. Chofunika chinali kusankhidwa, ndipo pasukulu ngati yathu osankhidwa pachaka ankakwana padzanja limodzi, zala zina n'kutsala.

Aphunzitsi athu anali a ku Mlowe, kunyanja, bambo wamfupi woyenda mothamanga ngati wasiya chinthu pamoto. Sankatiitana mayina. Aliyense anamupatsa ntchito yake. Mnzanga wokhala naye desiki imodzi anali amajisitireti, ine ndinali anesi. "Anesi, bwerani pabolodi, wodwala uyu akufa," ankatero akundipatsa choko, wodwalayo ali samu imene wina waiphonya. Samu ikatikanika tonse, ankasuzumira pakhomo, n'kutsitsa mawu, n'kuifotokoza m'Chitumbuka mwachangu, kenako n'kubwerera ku Chingerezi ngati sipanachitike kanthu. Chitumbuka m'kalasi chinali choletsedwa. Ife ana tikagwidwa tikuchilankhula tinkazula chitsa kapena kutchetcha bwalo.

Tsiku lililonse linkayambira pambendera. Tinkaima m'mizere, kuimba, kutchula pamtima ngodya zinayi za dziko, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, n'kuthokoza mtsogoleri chifukwa cha mtendere, misewu ndi chimanga cha m'nkhokwe. Tinaphunzitsidwa kuti iye asanabwere anthu ankayenda osavala ndipo nyumba zonse zinkadontha. Tsiku lina ndinafunsa adada ngati zinali zoona kuti iwo ankayenda osavala. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuyang'ananso chithunzi cha ukwati wa makolo awo chimene chinali pakabati, agogo ali mu jekete ndi tayi. Kenako anati, "Kusukulu ukayankhe monga akuphunzitsira."

Khadi la chipani linkafunika ngati kope. Anyamata a chipani, a malaya ofiira, ankatha kufika nthawi iliyonse n'kuima pakhomo la kalasi, ndipo wopanda khadi ankabwezedwa kunyumba. Sindinganame kuti tinkakhala monjenjemera tsiku ndi tsiku. Tinabadwira momwemo. Zinali ngati minga ya m'njira ya kudambo, umadziwa poponda.

Pamwamba pa bolodi panali chithunzi cha mtsogoleriyo, m'felemu ya thabwa, galasi kutsogolo, katoni kumbuyo. Lamulo linali lakuti pasakhale chinthu china chopachikidwa m'mwamba kuposa icho, kaya mapu kaya wotchi. Ana tinkangoti "a pakhoma". Lachisanu lililonse atsikana tinkazira pansi m'kalasi, ndipo ine, poti ndinali wamtali, ntchito yanga inali kukwera padesiki ndi kupukuta galasi lija ndi kansalu koyera kosungidwira ntchito yomweyo. Ndinkaikonda ntchitoyo. Anzanga ali m'matope mpaka m'zigongono, ine ndili m'mwamba ndi a pakhoma, kuwapukuta pamphuno.

Chaka chimenecho, mvula ili pakati, kunamveka kuti mtsogoleri abwera kuboma kwathu kudzayendera mbewu. Kuyambira pamenepo, belu la nthawi yopuma likalira, maphunziro ankathera pomwepo. Ang'onoang'ono ankapaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira, mvula n'kutsuka, iwo n'kupakanso. Anyamata ankaguba. Atsikana akuluakulu tinkapita kubwalo la mpira kukaphunzira gule. Wotsogolera gule anali mayi wina wa chipani wa m'mudzi woyandikana nawo, wamawu ngati lipenga, amene ankatiwerenga ngati mbuzi polowa m'khola. Kusowa pagule inali nkhani yofika kwa makolo, ndipo kwa makoloko siinkathera. Aphunzitsi athu, poti anali a kunyanja, ng'oma ankaidziwa kuposa aliyense pasukulupo, choncho anawaika pang'oma yaikulu. Ankaimba nkhope ili gwa, ndipo tikapuma ankatikokera pamthunzi n'kutilembera samu padothi ndi kamtengo, phazi lili pafupi kuti afufute wina akayandikira.

Lachisanu lina, nditakwera padesiki, ndinaona timibulu ta dothi pamwamba pa bolodi. Nditakhudza felemu, dothi lina linayoyoka kuchokera kumbuyo. Ndinasuzumira. Chiswe chinali chitatulukira m'khoma kuseri kwenikweni kwa chithunzi. Katoni yonse inali itasanduka dothi, ndipo cha paphewa la suti, mkati mwa galasi, pepala linali litayamba kupyapyala.

"Asambizgi," ndinaitana aphunzitsi m'Chitumbuka, kuiwala ndi lamulo la chilankhulo lomwe. "Tabwerani muone."

Anakwera padesiki, n'kusuzumira, n'kutsika pang'onopang'ono. "Chiuta wane," anatero chapansipansi. Ahedi anali atapita kuboma kumsonkhano wokonzekera ulendo womwewo, ndipo panalibe wina woti n'kumufunsa. Aphunzitsi anaima akuganiza, choko chili m'manja.

"Tikachisiya mpaka Lolemba tidzapeza maso okha," anatero. "Ndiye tidzafotokoza bwanji?"

Aliyense wa kwathu amadziwa chochita chiswe chikalowa m'dengu, m'buku la nyimbo kapena m'sutikesi. Umatulutsa chinthucho panja, kuchitsegula, kuchiyanika padzuwa. Chiswe sichipirira dzuwa. China chimafa, china nyerere zimatuta. Tsikulo dzuwa linali litatuluka bwino patapita masiku a mvula yosalekeza, ndipo aphunzitsi anachita zimene amayi awo akanachita. Anatsitsa chithunzi ndi manja awiri. Anatuma mtsikana wina kukabwereka mphasa yatsopano kwa akazi a ahedi kuti chisakhudze dothi, n'kuchigoneka kuseri kwa kalasi, kumene anthu sankadutsako, nkhope pansi kuti dzuwa liwombe mbali imene inali ndi chiswe. Atachotsa katoni yodyeka ija, chiswe chinali piringupiringu, choyera ngati mpunga.

Anandiika ine kuti ndilondere. Ndinakhala pamwala ndi kamtengo m'manja, ndikuonerera nyerere zikuyamba ntchito yawo, ndikudziona ngati munthu wofunika. Kenako belu linalira.

Mayi wa gule anawerenga atsikana ake n'kupeza kuti mmodzi palibe, wamtali wa kutsogolo. Mawu ake ndinawamva ndili kuseri konko. Aphunzitsi anabwera akuthamanga.

"Pitani, anesi, asakufunireni kwanu. Tingoyamba pang'ono, ine ndizemba ndidzachilowetse."

Sanafune kuuza mayi uja chimene ndinatsalira, poti akanayamba ndi kufotokoza kuti a pakhoma ali pamphasa. Koma woimba ng'oma yaikulu sazemba. Akangoleka, bwalo lonse limaima.

Galimoto ya chipani inafika gule ali pakati. Masiku ena inkaima kutsogolo, pafupi ndi mbendera, koma kumeneko kunali matope a mvula ija, choncho dalaivala anazungulira kukaima pouma, kuseri kwa kalasi yathu.

Zimene anapeza kumeneko ndinaziona ndi maso anga, chifukwa titamva kukuwa ng'oma inaleka ndipo tonse tinathamangira komweko. Nkhuku za ahedi zinali pamphasa. Nkhuku ikaona chiswe sidziwa ulemu. Zinali zitakwera pamsana pa chithunzi, kujompha, kupalasa, tambala akuitana akazi ake kuti abwere adzadye nawo. Imodzi inali itasiyapo ndi chitosi pafelemu.

A tcheyamani a chipani a dera lathu, amene anabwera pagalimotoyo, anali munthu wa kwathu komweko, opemphera tchalitchi chimodzi ndi adada. Pamaliro ankalankhula Chitumbuka ngati wina aliyense, koma akavala baji ankalankhula Chichewa chokhachokha, chokhota ngati changachi.

"Ndani wagoneka mtsogoleri chafufumimba?"

Anyamata a malaya ofiira ankathamangitsa nkhuku, izo zikuthawira m'miyendo mwathu. Kamtsikana kena ka Sitandade 3 kanaseka, mkulu wake n'kukatseka pakamwa.

"Ndine, bwana," anatero aphunzitsi, thukuta la ng'oma likadali pamphumi. "Munalowa chiswe. Ndimati ndichipulumutse."

"Chiswe. Ndiye ukuuza ana awa kuti mtsogoleri wafumbwa?"

"Ayi bwana, ndi katoni ya kumbuyoyi, chithunzi chenichenicho..."

"Wamupereka kwa nkhuku. Pamaso pa ana a sukulu. Nyengo yomwe akubwera kuno!"

A tcheyamani anawerama n'kutembenuza chithunzi. Nkhope inali bwinobwino, ikutiyang'ana monga mwa masiku onse, koma phewa linali litapita, ndipo m'munsi mwa khutu munali kabowo kolowa chala, kaya ka chiswe kaya ka mlomo wa nkhuku.

Akazi a ahedi anabwera akupukuta manja pachitenje, n'kugwadira a tcheyamani. "Adada, mphasayo ndi yatsopano chomene, sanachiike padothi." Ankaganiza kuti zithandiza. A tcheyamani anangofunsa kuti nkhukuzo n'za yani.

Chithunzi anachikweza m'galimoto kutsogolo, pampando, atachikulunga m'mphasa muja. Aphunzitsi anakwera kumbuyo pamodzi ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Galimoto isananyamuke anatiyang'ana ife a Sitandade 8, n'kutiuza kuti tikamalize masamu a patsamba limene tinalekera, adzachonga Lolemba. Tinamaliza. Lolemba m'mawa tinaunjika makope patebulo lawo, ndipo anakhala pomwepo mpaka anachita fumbi.

Tsiku lomwe anatengedwalo adada anandiitanira kuchigafa cha fodya, kutali ndi ana anzanga. Anandifunsa ngati ndinachikhudza chithunzicho chili pansi. Ndinati ayi, ndinangolondera. "Ukafunsidwa unene zomwezo, usawonjezere, usachotsere. Ndipo usalire pamaso pawo, angaganize kuti ukulirira aphunzitsi." Ndinafunsidwadi kamodzi mu ofesi ya ahedi, adada ataima pambali panga chipewa chili m'manja. Potuluka ndinaganiza kuti kwa ine nkhani yathera pomwepo.

Sabata yotsatira makolo onse anaitanidwa pansi pa mtengo wa pasukulu. Anauzidwa kuti sukulu yathu yachititsa manyazi boma lonse la Rumphi ndipo iyenera kupepesa. Khomo lililonse linapereka kanthu, ena mazira, ena nyemba. Adada, poti mwana wawo ndiye anali mlonda, anapereka mbuzi yathu yaikazi, ili ndi bere. Amama anaiperekeza ndi maso mpaka pokhota njira, n'kulowa m'khitchini. Chithunzi chatsopano chitabwera tinakachilandira kumsewu ndi nyimbo. Adada omwewo ndiwo anadula chidutswa cha lata n'kuchikhomera kumbuyo kwa felemu, n'kupachika ndi waya kuti chisagunde khoma. Ntchito yopukuta anaipereka kwa mdzukulu wa a tcheyamani. M'mawa uliwonse a Sitandade 8 tinkagwada kutsogolo kwake n'kuimba nyimbo imodzi tisanayambe maphunziro.

Koma maphunzirowo ndiye panalibe. Mphunzitsi wina sanatumizidwe. Ahedi, amene anapulumuka chifukwa tsikulo kunalibe, ankalowa m'kalasi mwathu ngati akulowa m'nyumba ya maliro, ndipo ankaphunzitsa mbiri ya mtsogoleri yokha, poti m'menemo munalibe polakwa. Masamu tinkaphunzitsana tokha. Ine ndi amajisitireti tinkasinthana pabolodi, buku la aphunzitsi lili m'manja, mpaka tinafika pamasamba pamene tonse awiri tinkangoyang'anana. Panali chojambula cha thanki, ndipo ankafuna tipeze kuchuluka kwa madzi olowamo. Mayankho anali kumapeto kwa buku, koma njira yofikira kumeneko inali itapita ndi galimoto ija.

Pofuna kuti tionetse kuti talapadi, sukulu yathu inapatsidwa malo a kutsogolo pagule wa tsiku lalikulu. Ankati ndi ulemu. Tanthauzo lake linali lakuti kuyeserera kuziyamba m'mawa, osadikira belu lopuma.

Gule ameneyo ndinamukonda, sindibisa. Ndinali pamsinkhu woti thupi limafuna kuvina, nsalu yatsopano ili m'chiuno, ndipo mawu anga ankamveka mpaka kumapeto kwa bwalo. Tsiku lalikululo tinakwera lole, koyamba m'moyo wanga, tikuimba njira yonse mpaka kuboma. Tinaima padzuwa kuyambira m'mawa, ena mpaka kukomoka, ndipo tinapatsidwa buledi ndi chakumwa cha m'botolo chimene ndinachimwa pang'onopang'ono kuti chisathe msanga. Mtsogoleri atafika ndinamuona chapatali, nkhalamba ya thupi lochepa mu suti yakuda, wamng'ono kuposa mmene ankaonekera pakhoma. Tinavina mpaka miyendo kuchita dzanzi. Ndinabwerera kunyumba mawu atasasa, mtima uli mbee, ndipo ndinakhumudwa kuti adada sanafunse n'komwe kuti zinayenda bwanji.

Iwo mutu wawo unali pamayeso. Anapita kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito, wa nthawi ya mishoni, amene ankakhala kuseri kwa tchalitchi, kukamupempha kuti azitithandiza masamu Loweruka. Mkuluyo anavomera, ndipo tinayamba kukumana m'kachipinda kovalira abusa. Tisanapite patali, Loweruka lina tinapeza chitseko chotseka. Anatumiza mawu kuti maso akumuvuta. Pambuyo pake tinamva kuti wina anamufunsa, mwaulemu ndithu, kuti ana a kalasi ya nkhuku akusonkhana kutchalitchi kukambirana chiyani. Dzina limenelo linatikakamira. Ngakhale pampira wamanja, ana a sukulu zina ankalira ngati tambala tikamalowa m'bwalo.

Mayeso anabwera nyengo yozizira, mphepo ya ku Nyika ikulowa pamawindo opanda magalasi. Pepala lofunsa za dziko ndi mtsogoleri ndinalimaliza nthawi isanakwane, ndipo sindikayika kuti ndinakhoza lonse. Chichewa ndi Chingerezi ndinayesetsa. Pamasamu, nditatembenuza tsamba, ndinapeza thanki ija ikundidikira, pamodzi ndi abale ake ena amene sindinawaonepo. Ndinaijambulanso bwinobwino papepala langa, ndi rula, poti china choti ndichite nayo panalibe.

Zotsatira zitabwera, ndinali nditakhoza, koma osasankhidwa. M'kalasi mwathu simunasankhidwe aliyense. Ena ankati sukulu yathu inaikidwa chizindikiro kumtunda. Sindikudziwa, ndipo sindifuna kunena chimene sindinachione. Chimene ndikudziwa ine ndi chakuti theka la pepala la masamu ndinalisiya loyera.

Kubwereza kunalipo. Ambiri ankabwereza kawiri, katatu, ndipo poti kunkamveka kuti obwereza saganiziridwa msanga posankha, ankasintha dzina n'kulemba ngati atsopano. Amalume anabwera ndi nzeru imeneyo. Adada anakana. "Dzina analandira pa ubatizo. Sindingaime kutsogolo kwa mpingo Lamulungu ndikudziwa kuti mwana wanga ali ndi dzina lina la kusukulu." Ndinabwereza ndi dzina langa lomwelo, kwa mphunzitsi watsopano amene ankaopa ngakhale kutsokomola pafupi ndi khoma lija, ndipo kumasamba a thanki aja sanafikekonso. Ndinakhozanso, osasankhidwanso. Chaka chotsatira inali nthawi ya mlongo wanga wamng'ono, ndipo fodya wa adada sakanatha kutinyamula tonse awiri. Sanandiuze ndi pakamwa. Anangondigulira khasu latsopano, lopepuka bwino, n'kulitsamiritsa pakhomo la chipinda changa.

Sindikhala ndikudandaula. Ndinakwatiwa ndi munthu wofatsa, amakonza njinga ndi ngolo pamsika, ndipo munda wathu umatidyetsa chaka chonse. Ana tili nawo awiri. Wamkulu wayamba Sitandade 1, sukulu yaulereyi. Ana achuluka moti kalasi yawo ndi mtengo wa mkuyu, bolodi amalitsamiritsa pathunthu. Tsiku loyamba nditamuperekeza, maso anga anapita okha pamwamba pa bolodi. Panali nthambi zokha. Akabwera kunyumba amandiimbira nyimbo za achule ndi za kusamba m'manja, zina m'Chitumbuka, ndipo palibe amamutuma kukazula chitsa. Andale amabwerabe, aliyense ndi mtundu wake wa nsalu, ndipo nthawi zina amafuna ana akaime kumsewu. Tsiku lotero ndimapita ndekha kukafunsa ngati kuphunzira kulipo. Akati kulibe, ndimamutenga mwana wanga, timakawerenga zilembo pakhonde. Poyamba ndinkadikira kuti wina abwera kudzandifunsa. Sanabwere.

Ndilinso m'komiti ya makolo youmba njerwa za makalasi atsopano. Pamsonkhano ena ankati tingomanga ndi zidina kuti zifulumire. Ndinaimirira, mwana ali kumbuyo, n'kunena kuti njerwa ziotchedwe, nkhuni kaya zikhale kutali bwanji. Anandiseka kuti amayi awa ndi afomani, koma uvuni tinaumanga.

Aphunzitsi aja ndinakumana nawo kamodzi, mavoti oyamba atapita. Ndinali pamsika ndikusankha usipa, ndipo wogulitsayo, bambo wa imvi wovala chipewa chakutha, anandiyang'anitsitsa.

"Anesi?"

Mano akutsogolo analibe, koma mawu anali omwe aja. Ndinagwada pomwepo pakati pa malichero a usipa, anthu akutidabwa. Anandiuza mwachidule kuti anasungidwa nthawi ndithu osaonekera kukhoti, ndipo atatuluka anauzidwa kuti choko asadzachigwirenso. Anabwerera ku Mlowe, kwa abale awo a mabwato. Za m'kati muja sananene, nane sindinafunse.

"Nanga muli chipatala chiti?" anafunsa.

Ndinawaonetsa mwana kumbuyo, ndi dengu langa. Anayamba kusanja usipa umene unali wosanjika kale.

"Amajisitireti?"

"Ali ku Mwazisi, pabanja. Amalima fodya."

Anagwedeza mutu. "Ndakhala ndikuganiza. Ndikanangochisiya pakhoma pomwepo chidyedwe."

"Akanakutenganibe, asambizgi. Akanati munaona n'kukhala chete."

Anaseka, dzanja lili kukamwa kubisa mpata wa mano. "Nadi, n'zoona, anesi. Chiswe chija chinali cha otsutsa boma, chinangofulumira kubwera."

Ndisanachoke ndinawafunsa za thanki. Sanadabwe. Anatola kamtengo, n'kusalaza dothi pambali pa lichero ndi chikhatho, n'kujambula. Utali apa, mulifupi apa, kuya apa, uchulukitse. Ogula ena anaima akudikira, mmodzi mpaka kufunsa ngati usipa ukugulitsidwa kapena sukulu yatsegulidwa. Sizinatenge nthawi yoti madzi n'kuwira. Inali samu yophweka, yoti ndikanaimva tsiku limodzi.

Pobwerera kunyumba ndinkawerengera m'mutu, monga ndimachitira ndikamachokera kumsika. Chithunzi chinataya phewa ndi kachidutswa ka m'munsi mwa khutu. Akazi a ahedi anataya mphasa ndi nkhuku zawo. Amama anataya mbuzi ndi bere lake. Aphunzitsi anataya mano, ntchito, ndi zaka zimene sananditchulire. Kalasi yathu inataya theka la chaka cha masamu, ndipo ine ndinataya malo anga ku sekondale.